Madzi Osamba Otenthetsa ndi Magetsi: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka talembera anthu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi midzi yozungulira, makamaka amene magetsi afika kale pakhomo pawo: aphunzitsi a m'nyumba za pasukulu, anamwino, a magolosale, eni malo ogona alendo, ndi alimi amene fodya kapena soya atawayanja adamanga nyumba ya malata nkukokeramo magetsi. Mafunso ali munowa amamveka kwambiri mu Juni ndi Julaye, chisanu cha m'madambo chikamachititsa munthu kuzengereza kukhudza madzi a pamjigo m'mamawa.

Funso: Makolo athu akhala akuphitsa madzi pamoto kuyambira kalekale. Bwanji za magetsi mukuzikulitsa chonchi?

Yankho: Moto tidabadwa nawo. Mwana wa zaka zitatu amadziwa kale kuti pamafuwa saseweretsapo, ndipo akaiwala pali agogo omukalipira. Moto umaoneka, umafuka utsi, umakuwawula usanaukhudze. Magetsi alibe zonsezi. Ndowa ya madzi imene ili ndi nyesi siisiyana maonekedwe ndi ndowa ina iliyonse.

Komanso magetsi ndi mlendo kuno. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zomwe zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zinali za m'tauni. Kwathu kuno nthambo zafika pang'onopang'ono, zina kudzera mu ndondomeko ya boma ya MAREP, kuyambira pamalo a malonda, pazipatala, pamishoni ndi pamasukulu. Ambirife tawadziwa magetsi tili akuluakulu kale, ndipo mphunzitsi wathu wakhala wogulitsa pamsika, amene chake nchoti katundu atuluke.

Funso: Kodi kubafa kuli chiyani chimene pabalaza palibe?

Yankho: Kuli madzi, sopo ndi mapazi opanda nsapato. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, ndipo nthawi zonse amasaka njira yolowera m'nthaka. Thupi la munthu likapezeka panjirapo, amadutsa momwemo. Khungu louma limawatchingako ndithu. Nchifukwa chake munthu wovala nsapato, ataima pouma, amatha kukhudza waya wosendeka nkungodzidzimuka, kutukwana, nkupitiriza ntchito. Khungu lonyowa limatchinga pang'ono chabe, ndipo sopo ndi thukuta zimangowonjezera. Simenti yonyowa, kapena miyala ya m'bafa la udzu, yagwirana kale ndi nthaka. Njira ndiye imakhala yotseguka kuchokera kudzanja, kudutsa pachifuwa pomwe pali mtima, mpaka kumapazi.

Kuchuluka kwa magetsi oyenda amakuyeza m'maampu, ndipo ampu imodzi ili ndi mamiliampu 1,000. Miliampu imodzi munthu amangoimva ngati kadzanzi. Akafika mamiliampu 10 mpaka 20, minofu ya dzanja imakungika yokha, moti munthu amalephera kutaya chimene wagwira ngakhale akufunitsitsa. Akapitirira 50, mtima ukhoza kusokonezeka kagundidwe nkuleka kupopa magazi. Munthu wonyowa akagwira waya wamoyo, m'thupi mwake mukhoza kudutsa mamiliampu oposa 200. Babu lakale lija la mawati 60 limakoka mamiliampu pafupifupi 260. Ndiye kuti magetsi ongoyatsa babu limodzi ngokwanira kupha bambo wa mphamvu zake.

Funso: Ine ndilibe giza, ndilibe shawa. Ndimangoviika hita m'ndowa. Pamenepa pali vuto?

Yankho: Apa mpomwe pagona nkhani, chifukwa m'nyumba zambiri za pa Nsaru kapena pa Mpingu simupezamo giza, mupezamo kahita aka. Mkati mwa kachitsulo kopindikako muli waya wotentha, wozunguliridwa ndi ufa woyera umene umaulekanitsa ndi chitsulo chakunja. Hita ikadali yatsopano, magetsi amakhala mkati, kutentha kokha nkumatuluka. Koma chitsulo chimadyeka. Madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere umene umakakamira pachitsulopo ngati laimu. Hita ikayatsidwa isanamire bwino, imapsa nkuchita ming'alu yosaoneka ndi maso. Chogwirira cha pulasitiki chimasungunuka, nthambo imasendeka pamene imalowera. Madzi akangolowa pamng'alu, ndowa yonse yadzaza nyesi. Choipa nchakuti hita yotere imafunditsabe madzi bwinobwino, ndiye palibe chokuchenjezani.

Ngozi imakonda kubwera pa kanthu kamodzi: kupisa chala kuti timve ngati madzi afunda. Lamulo lake nlimodzi, ndipo musalinyengerere. Pulagi izuke kaye pakhoma, kenako dzanja lilowe m'madzi. Kuthimitsa swichi ya pasoketi kokha sikukwanira, chifukwa m'nyumba zina zimene adalumikiza amisiri ongophunzira poonera, swichi imadula waya wolakwika, wamoyo uja nkutsala wamoyobe. Pulagi imene ili m'manja mwanu sikunamizani.

Gwiritsani ntchito ndowa ya pulasitiki, osati ya chitsulo, ndipo muiike pouma, kunja kwa bafa. Pingasani kamtengo kouma pakamwa pa ndowa nkukolekapo hita kuti isakhudze pulasitiki. Imire mpaka pamzere wake, koma chogwirira chisanyowe. Mukatero mpomwe mulowetse pulagi, ndipo musachokepo kupita kukacheza kwa aneba. Madzi akafunda zulani pulagi, dikirani mphindi imodzi kuti chitsulo chizizireko, vuulani hita, nyamulani ndowa mupite nayo kubafa. Madzi ndiwo apite kubafa, magetsi atsale m'nyumba. Ekisitenshoni yotulukira pawindo nkukwawa pansi mpaka kubafa la kuseri, yolumikizalumikiza ndi kumanga majumbo, imeneyo ichoke lero.

Hita ikhale ndi pulagi ya mano atatu, ya fyuzi mkati. Kulowetsa mawaya osenda m'soketi nkutsinira ndi timitengo ta machesi kwatentha nyumba zambiri. Ndipo mayi, ntchito yoviika hita musatume mwana wa kupulaimale, ngakhale akhale wochangamuka bwanji. Mwana wokwawa nayenso amakonda ndowa kuposa chidole chilichonse, choncho chitseko chitsekedwe mpaka pulagi itazuka.

Funso: Nanga mahita opanga tokha aja, a malezala awiri kapena masipuni omangirira pakathabwa?

Yankho: Anyamata ochita lendi pafupi ndi masukulu amawatama kuti amawiritsa msanga, ndipo nzoona. Koma mu hita yotere madziwo ndiwo waya. Magetsi amachoka pa lezala limodzi nkudutsa m'madzi kupita pa linzake, moti kuyambira pomwe mwalowetsa pulagi, dontho lililonse m'ndowamo lili ndi nyesi. Ena amathiramo mchere kuti zifulumire, osadziwa kuti akukulitsa mphamvu yomwe ingawaphe. Hita ya kushopu imaopsa ikawonongeka, pomwe iyi imaopsa ili bwinobwino. Palibe njira yoikonzera. Makolo ndi aphunzitsi mukaipeza, iphwanyeni.

Funso: Magetsi akathima hita ili m'madzi, si ndiye kuti ngozi yatha?

Yankho: Ayi, mwinanso mpomwe yayambira. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo akafika kuno amakhala atayenda ulendo wautali wodzaza ndi zopinga. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adawononga damu la Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudatenga nthawi yoposa chaka. Zaka ngati zimenezo zidatiphunzitsa chizolowezi choipa: tikamva kuti "athima" timaona ngati zipangizo zonse zafa.

Magetsi sagogoda pobwera. Mayi akuti, "Basi ndingosambira omwewa," apisa dzanja kuti avuule hita, nthawi yomweyo ayaka. Kapena madzi atsanulidwa, hita yagonekedwa pamkeka pulagi ili pakhomabe, banja lagona, magetsi nkubwera pakati pa usiku. Hita yopanda madzi imafiira m'kanthawi kochepa nkuyatsa chilichonse chili pafupi. Choncho magetsi akangothima, ntchito yoyamba ndi kuzula hita, ayironi ndi hotipuleti. Wofuna kukonza chinthu nthawi ya kuthimayo ayambe wagwetsa main switch, swichi yaikulu yothimitsira nyumba yonse, asadalire kuti a ESCOM achedwa.

Funso: Mpopi wa kubafa kwathu umaluma pang'ono ukaugwira, makamaka ngati uli ndi kabala pachala. Tidazolowera. Kodi nzoopsa?

Yankho: Nzoopsa kwambiri, ndipo funso ili ndi lomwe tikadakonda kuti aliyense alikumbukire. Mpopi wabwino suluma, ngakhale pang'ono. Kuluma kumeneko kukutanthauza kuti magetsi athawa kale mu waya wake ndipo ali pa chitsulo chimene mukugwira. Lero akudutsa ochepa chifukwa mng'alu ngwaung'ono, kapena chifukwa mwaponda pa silipasi. Mng'alu sudzitseka wokha, umangokula. Tsiku lina udzakula pamene wosambayo ndi mwana wopanda silipasi.

Kawirikawiri gwero lake limakhala elementi ya giza imene yabooka, waya amene makoswe atafuna kudenga nkukhudza paipi, pampu ya pachitsime, kapena earth yoduka. Nthawi zina vuto limachokera panja, monga pamene akuba adula mawaya a kopa pa thiransifoma. Mukaona mababu ena akuwala mopitirira muyeso pomwe ena akuzilala, ndipo aneba akudandaulanso zomwezo, gwetsani main switch nkudziwitsa a ESCOM. Pena anthu amayamba kunong'onezana kuti pakhomopo pali adachitapo zamankhwala. Musanaloze chala m'bale wanu, itanani mmisiri ayeze. Kufikira atabwera, giza kapena shawa ikhale yothimitsa pa bolodi, ndipo onse asambire m'ndowa.

Funso: Amisiri amangoti "earth, earth." Kodi earth nchiyani?

Yankho: Mu nthambo ya m'nyumba muli mawaya atatu. Wabulawuni, kapena wofiira m'nyumba zakale, ndiye wamoyo. Wabuluu, kapena wakuda, ndi wobwererapo magetsi. Wachitatu, wobiriwira ndi chikasu, ndiye earth. Tsiku ndi tsiku sagwira ntchito iliyonse, nchifukwa chake anthu amamupeputsa. Amachokera pa chitsulo cha giza, pa mapaipi ndi pa dzino lalitali la soketi, kupita pa bolodi, kenako panja pa ndodo ya chitsulo chokutidwa ndi kopa imene imakhomeredwa m'nthaka. Waya wamoyo akakhudza thupi la giza, magetsi amapeza njira yapafupi yothawira m'nthaka kudzera mwa waya ameneyu m'malo modzera mwa inu.

Pitani kuseri kwa nyumba mukaione ndodoyo. Mwina mukapeza kuti waya adaduka ndi khasu polambula, kapena wina adamusolola kukagulitsa, kapena pomangirira padachita dzimbiri. Mwinanso mmisiri adangokhoma kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba kotalika ngati mkono kuti ziziwoneka. Palinso nkhani ya nyengo: nthaka yonyowa ya mu Febuluwale imalandira magetsi bwino, koma youma gwa ya mu Okutobala imakana. Earth yabwino imadziwika ndi makina oyezera, osati ndi maso kapena ndi babu. Ndipo ngakhale ilipo, nthaka youma ikhoza kulephera kukoka magetsi okwanira kugwetsa breaker wamba. Apa mpomwe pafunika chipangizo china.

Funso: Pa bolodi pathu pali mabreaker kale. Sizokwanira?

Yankho: Breaker wamba amateteza mawaya kuti asapse, sateteza munthu. Wolembedwa 20 amadikira kuti magetsi apitirire maampu 20, omwe ndi mamiliampu 20,000, pomwe taona kuti 50 okha akhoza kuimitsa mtima. Munthu akhoza kufera m'bafa breaker ali chiimire. Mita ya mayunitsi nayo imangowerenga ndalama.

Choteteza munthu ndi earth leakage, imene ena amaitcha RCD kapena RCCB. Imayerekeza magetsi otuluka pa waya wamoyo ndi obwerera pa mnzake. Akasiyana, ndiye kuti ena athawira kwina, mwina m'thupi la munthu, ndipo imadula mphindi isanakwane n'komwe, m'kachigawo kochepa ka sekondi. Mudzaizindikira ndi kabatani kolembedwa T kapena Test, ndipo yoyenera kubafa ndi yolembedwa 30mA. Dinani kabataniko miyezi itatu iliyonse magetsi ali oyaka. Ikagwa, ili moyo. Ikapanda kugwa, isinthidwe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimatikwiyitsa. Earth leakage ikamagwa nthawi zonse mukayatsa giza, imakhala ikugwira ntchito yake: yapeza kuti elementi ikudontha magetsi. Ndiye pamabwera mmisiri wina nkunena kuti, "Bwana, kachipangizo aka nkovuta, tingokadumpha." Akadumphadi, magetsi sagwanso, mwini nyumba nkumuthokoza ndi kumupatsa ya thiransipoti. Chimene wachita munthu ameneyo ndi kuchotsa mlonda nkusiya wakuba m'nyumba. Sinthani elementi, osati chitetezo.

Funso: Ndikufuna kuika shawa yotenthetsa pompopompo, ija ya pulasitiki yokhala ndi mawaya pamutu. Mukuti bwanji?

Yankho: Mashawa amenewa adafala kwambiri ku Brazil, kumene kuli kampani yodziwika ya Lorenzetti, ndipo ku Kenya aliponso ochuluka. Anthu amawakonda chifukwa ngotchipa kuposa giza ndipo sadikiritsa. Koma dziwani chimene mukugula. M'mashawa ambiri otere, waya wotenthayo ali pamtunda, madzi amamukhudza mwachindunji asanakugwereni pamutu. Chimene chimakolola magetsi othawira m'madzimo ndi kawaya ka earth kamene kali mkati mwa mutu wa shawayo. Kawayako kakangolendewera panja osalumikizidwa, monga timaonera m'malo ena ogona alendo, wosambayo ndiye amasanduka earth. Madzi a mchere a m'mijigo ina amanyamula magetsi kwambiri kuposa madzi opanda mchere, choncho kumene kuli madzi otere chiopsezo chimakula.

Vuto lina ndi njala yake. Shawa ya mawati 5,500 imakoka maampu pafupifupi 24, pomwe soketi ya m'nyumba imathera pa 13. Siingalumikizidwe ku soketi, ndipo kuilumikiza ku waya wa mababu ndi kuitana moto kudenga. Imafuna nthambo yakeyake yochokera pa bolodi, yonenepa masikweya milimita 4 kapena 6 malinga ndi mphamvu ya shawayo ndi kutalika kwa mtunda, breaker wake, earth leakage ya 30mA, ndi swichi yodula mawaya onse awiri yoikidwa kunja kwa bafa. Polumikizira pakhale m'kabokosi kotseka, pamwamba posafika madzi, osati popotokola ndi manja nkukulunga tepi imene nthunzi imamatula pakatha miyezi iwiri. Samalaninso ndi nthambo zotchipa zimene kunja zimaoneka zonenepa koma mkati muli timawaya towonda, pena ta aluminiyamu topaka mtundu wa kopa.

Ikaikidwa, musasinthe kabatani ka kutentha madzi akutuluka. Tsekani mpopi, thimitsani swichi ya panja, kenako sinthani. Timabowo tikatsekeka ndi mchere, musatokose ndi singano kapena waya magetsi ali oyaka. Ngati madzi anu amachokera pa thanki yotsika ndipo amangodontha, shawa yotere izingopsa elementi.

Maganizo athu ndi awa: mtengo weniweni wa shawayi si umene walembedwa pa katoni, koma katoniyo kuphatikiza nthambo, earth, earth leakage ndi mmisiri wa mapepala. Ngati ndalama yakwanira katoni yokha, pitirizani kusambira m'ndowa mpaka mudzakolole.

Funso: Ndiye kuti giza ndi yabwino kuposa zonsezi?

Yankho: Ikaikidwa bwino, inde, chifukwa elementi yake njokutidwa ndipo ili kutali ndi wosamba. Koma nayo imabooka, ndipo ikabooka magetsi amayenda m'mapaipi mpaka pampopi. Earth ndi earth leakage zikufunikabe.

Giza ilinso ndi ngozi yakeyake. Madzi akamatentha amafufuma, choncho pa thanki pali valavu yotulutsa mphamvu yopitirira, ndi kapaipi kamene kamadontha panja. Anthu ena amaona ngati kudonthako nkuwononga madzi, nkutsekapo ndi chitsekero. Thermostat, yomwe imadula magetsi madzi akatentha mokwanira, ikadzafa tsiku lina madzi nkumangowira, thanki yotsekedwa choncho ikhoza kuphulika nkugumula denga. Kakamadontha mopitirira, itanani pulambala, musakatseke. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, thimitsani giza, chifukwa elementi yoyaka m'thanki youma imapsa.

Thermostat ikhale pa madigiri 60. Kutsitsa kwambiri kumalola tizilombo totchedwa Legionella, toyambitsa chibayo, kuswana m'thanki. Koma madzi a madigiri 60 amawaula khungu m'masekondi ochepa, la mwana msanga kuposa apo. Posambitsa mwana yambani kuthira ozizira m'beseni, otentha pambuyo, nkuyesa ndi chigongono.

Funso: Pa mayunitsi, chotchipa nchiti?

Yankho: Kufunditsa malita 20 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 40 kumadya pafupifupi theka la yuniti, kaya ndi hita kaya ndi ketulo. Shawa ya mawati 5,000 imadya theka la yuniti lomwelo m'mphindi 6. Giza ya malita 150 ikayamba ndi madzi ozizira imafuna mayunitsi pafupifupi 7 kuti ifike pa madigiri 60. Kwa banja la ndalama zochepa, ketulo ya magetsi ndiyo tingailimbikitse: maketulo atatu kapena anayi owira, othira m'ndowa ya madzi ozizira, akwanira munthu mmodzi, ndipo palibe nthawi imene dzanja ndi elementi zimakumana m'madzi amodzi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, chigubu chakuda chosiyidwa padzuwa masana chimakupatsani madzi ofunda madzulo popanda kulipira tambala.

Funso: Kwathu ndi kwa sola, magetsi a ESCOM sadafike. Zimenezi zikutikhudza?

Yankho: Batire ya mavolti 12 payokha siingakumenyeni shoko yoopsa. Koma mukangoikapo inverter, yotuluka pamenepo ndi mavolti 230 omwe aja, ndipo amapha chimodzimodzi. Jenereta nayonso. Sola yaing'ono ya mababu ndi kutchajira foni ilibe mphamvu yotenthetsa ndowa, ndiye musaivutitse. Giza ya sola ya padenga imatenthetsa ndi dzuwa lenilenilo, koma zambiri zimakhala ndi elementi ya magetsi yothandizira kukachita mitambo, ndipo ikalumikizidwa imafuna chitetezo chonse tatchula chija.

Ngati mukufunditsa madzi pa mbaula ya makala, mbaulayo isalowe m'bafa lotseka. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umagonetsa munthu osadzukanso.

Funso: Nzoona kuti sitiyenera kusamba kukamachita ziphaliwali?

Yankho: Nzoona. Mphenzi ikagwa pa nthambo, pa thanki ya pamwamba kapena pafupi ndi nyumba, mphamvu yake imatha kuyenda m'mawaya ndi m'mapaipi. Earth leakage siingaiimitse. Dikirani mphindi 30 chigundireni bingu lomaliza.

Funso: Mmisiri woyenera ndimudziwa bwanji? Pa msika aliyense wonyamula tesita amati ndi wa zamagetsi.

Yankho: Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba, zonse zili pamutu pa mwini nyumba. Bungwe la MERA, limene limayang'anira za mphamvu m'dziko muno, ndi lomwe limapereka ziphaso kwa amisiri olumikiza magetsi m'nyumba. Mufunseni chiphasocho, ndipo musachite manyazi ngakhale akhale mlamu wanu. Akamaliza ntchito, akusonyezeni ndodo ya earth, ayeze inu mukuona, adine kabatani ka Test inu mukuona, ndipo alembe pa bolodi breaker wa giza kapena shawa kuti aliyense amudziwe. Mmisiri wodziwa ntchito amakondwera ndi mafunso otere. Wokwiya nawo wadziulula yekha.

Magetsi okoka kwa aneba ndi kanthambo kodutsa pampanda kapena kokwirira pansi ndi oletsedwa ndi lamulo, ndipo sakhala ndi earth kapena chitetezo chilichonse. Kuika hita pa magetsi otere ndi kuika moyo wa mabanja awiri pachiswe.

Funso: Ndili pa lendi, ndipo a landilodi ndi munthu wamkulu wolemekezeka. Ndiwauza bwanji kuti shawa yawo imaluma?

Yankho: Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pitani mwaulemu, muwauze kuti, "Bambo, kubafa kuja mpopi ukumenya shoko, ndiye tathimitsa kaye. Tikupempha mmisiri adzaone." Mwini nyumba wanzeru akudziwa kuti maliro a munthu wochita lendi pakhomo pake ndi mlandu wokula kuposa mtengo wa earth leakage. Akamazengereza, mukhoza kugwirizana kuti mukonzetse nokha nkudula pa lendi, koma mulemberane. Eni malo ogona alendo ndi oyang'anira mahositelo, musadikire kuti mlendo kapena mwana wa sukulu achite kudandaula, chifukwa ambiri amangochoka osanena kanthu, vutolo nkutsalira wobwera mawa.

Funso: Munthu akagwidwa ndi nyesi kubafa, ndichite chiyani?

Yankho: Musamugwire, ndipo musaponde m'madzi amene ali pansiwo. Mtima umafuna kuthamangira kukamukoka, makamaka akakhala mwana wanu, koma potero ovulala amakhala awiri. Thamangirani ku main switch kapena zulani pulagi. Zikakanika, imani pouma, pa thabwa kapena pa mpando wa pulasitiki, nkukankha wayayo ndi mtengo wouma, monga mpini kapena ndodo ya tsache. Wonyowa kapena wauwisi ayi.

Magetsi akaduka, mutulutsireni pouma, mumuitane, muone ngati akupuma. Ngati akupuma koma wakomoka, mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani manja anu awiri mosanjikiza pakati pa chifuwa, nkumadinikiza mwamphamvu kuti chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Wodziwa kuuzira mpweya auzire kawiri pakatha kudinikiza 30 kulikonse. Wosadziwa angodinikiza osalekeza. Wina athamangire galimoto nthawi yomweyo, ndipo muzilandizana mpaka munthuyo atayamba kupuma kapena atafika m'manja mwa achipatala. Kwa mwana wamng'ono gwiritsani dzanja limodzi.

Musataye nthawi ndi kumukwirira mumchenga, kumumenya ndi thabwa kapena kumuthira mkaka kukamwa. Sizichotsa magetsi m'thupi, chifukwa magetsi satsalira m'thupi, ndipo wokomoka akhoza kutsamwa ndi mkakawo. Pamene papsa thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, nkuphimba ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, mazira, mafuta ophikira kapena phulusa zisayandikire.

Ngakhale adzuke nkumanena kuti ali bwino, apite kuchipatala tsiku lomwelo: ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula, ku Nambuma kapena chipatala chilichonse chapafupi, ndipo iwo akaona kuti nkofunika amutumiza ku Kamuzu Central. Bala la magetsi limaoneka laling'ono kunja pomwe mkati lapsa kwambiri, ndipo mtima umafunika kupimidwa. Mayi woyembekezera apite ngakhale shoko ikhale yaing'ono.

Zonsezi zimayambira pa kudziwa pothimitsira. Madzulo ano itanani onse a m'nyumba mwanu, ana, wantchito ndi agogo omwe, muwasonyeze pomwe pali main switch, aliyense ayese kuigwetsa ndi dzanja lake, ndipo muchotse matumba a chimanga kapena kabati imene yatchinga pamenepo.